Mwamwa Flagyl koma kuyabwa kumusi sikukutha? Yambani apa

Amayi anzanga a kuno ku Salima, nkhaniyi timainong'ona koma ikuvutitsa ambiri. Kuyabwa kumusi, chikazi chachikasu kapena chobiriwira chochita thovu, fungo, kuwotcha pokodza, ambiri timangoti mauka, koma nthawi zambiri ndi kachilombo kotchedwa Trichomonas vaginalis kamene kamafala pogonana. Chonde musapite kokadulitsa, lumo silipha kachilomboka, mungotuluka ndi bala.

Mankhwala ake ndi metronidazole, yemweyu timati Flagyl, 400mg kapena 500mg kawiri patsiku kwa masiku 7. Mumalize onse ngakhale pakamwa pakuwawa ngati mwatafuna chitsulo, ndipo mowa ayi.

Ndiye ngati zabweranso musathamangire kunena kuti mankhwala sakugwira, kaye funsani kuti abambo kunyumba anamwa? Apa ndi pamene ambirife timagwera, chifukwa amuna ambiri samva kanthu olo pang'ono, kachilombo kali phee mwa iwo, inu mwachira sabata ino sabata yamawa akupatsaninso. Imwani nonse nthawi imodzi, ndipo musakhalire limodzi mpaka nonse mutamaliza mankhwala ndipo zizindikiro zatha. Ndikudziwa kuti kuwauza abambo nkovuta, koma palibe njira ina.

Ngati nonse munamaliza bwinobwino koma zikupitirira, bwererani ku Salima District Hospital ndi buku lanu lakuchipatala kuti adokotala aone zomwe munamwa kale, ndipo pemphani akuyezeni chikazi. Kachilomboka kakauma mutu amakweza dozi kufika 2g patsiku kwa masiku 7, kapena amasintha nkukupatsani tinidazole. Dozi imeneyi musakagule nokha kugolosale, ndi yamphamvu, ndipo ngati muli oyembekezera nenani msanga chifukwa tinidazole sayenera kwa mayi wapakati.

China chomwe ife a kunyanja tisaiwale ndi likodzo. Ife ochapa ndi kusamba ku Senga Bay, likodzo limatha kulowa kumaliseche nkumayabwa, kutulutsa chikazi ngakhale magazi mukatha kugonana, ndipo Flagyl sachita kanthu pamenepo, amafuna praziquantel. Auzeni adokotala kuti mumalowa m'nyanja. Pomwepo yezetsaninso HIV, matendawa amatsegulira khomo kachilombo ka HIV, ndipo pakatha miyezi 3 mubwerenso mukayezetse kachilombo ka Trichomonas kaja ngakhale mukumva bwino.