Momwe mungalembere mbiri ya a Louis Luyt osaipotoza

Yambani ndi ndalama, mpira wa rugby ubwere pambuyo. A Luyt, mkulu wa bizinesi ndi mpira wa rugby ku South Africa, omwe adabadwa mu 1932 n'kumwalira mu 2013, adalemera ndi kampani ya feteleza ya Triomf. Mu 1976 adayambitsa nyuzipepala ya The Citizen, koma pambuyo pake zidaululika kuti ndalama zake zinkachokera mwamseri ku dipatimenti yofalitsa nkhani ya boma la tsankho. Mukadumpha gawo limeneli, owerenga samvetsa chifukwa chake anthu ambiri ku South Africa sankawakhulupirira mkuluyu.

Kenako tengani pepala, mundandalike zaka. Zaka ziwiri izi muziike moyandikana dala. Mu 1988 a Luyt ndi a Danie Craven, mtsogoleri wa rugby m'dzikomo nthawiyo, adakakumana ndi akuluakulu a ANC ku Harare, chipanicho chidakali choletsedwa. Mu 1992 a Luyt adalola kuti nyimbo ya fuko ya boma la tsankho, Die Stem, iimbidwe pa bwalo la Ellis Park, masewera a Springboks (timu ya South Africa) ndi All Blacks (ya New Zealand) asanayambe. Wolemba waulesi amasankhapo chimodzi. Lembani zonse.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa mlandu wa a Nelson Mandela. Mu 1997 a Mandela adakhazikitsa komiti yofufuza kayendetsedwe ka bungwe loyendetsa rugby ku South Africa la SARFU, lomwe a Luyt ankalitsogolera kuyambira 1994. Bungwelo lidakasuma, ndipo mu Malichi 1998 a Mandela adakaima m'khothi ku Pretoria kupereka umboni pamaso pa woweruza William de Villiers. Woweruzayu adagamula mokomera SARFU, koma khothi loona za malamulo oyendetsera dziko lidathetsa chigamulocho. Choncho mukangolemba kuti a Luyt "adapambana" kapena "adaluza", mwanama theka. Onjezaninso kuti mu Meyi 1998 a Luyt adatula pansi udindo, anzawo omwe atawatembenukira.

Za phwando lotsekera mpikisano wa rugby wa dziko lonse wa 1995, pomwe a Luyt adati South Africa ikadatenganso zikho za 1987 ndi 1991 ikadaloledwa kusewera, fotokozani m'mawu anuanu. Musawaike m'kamwa mawu omwe simunawaone m'nyuzipepala ya nthawi imeneyo, chifukwa nkhaniyi aliyense amaithira mchere wake.

Ndale musazikulitse. Chipani chawo cha Federal Alliance chidangopeza mipando 2 mwa 400 ya m'nyumba ya malamulo pa chisankho cha 1999. Ndime imodzi ikwana.