Kakonzedwe ka fodya wa chingambwe wogulitsa pamsika

Wogula chingambwe pa Lizulu, Tsangano kapena Chimbiya safunsa zambiri. Amanunkhiza, nkufinya ndi zala. Fodya akamanunkha chuku kapena akamafumbutuka, munthuyo amapita pa mnzanu. Malonda a chingambwe amayambira m'chigafa.

Fodya akayamba kumasula maluwa, duleni nsonga, ndipo chotsani mphukira sabata iliyonse kuti masamba akhuthale. Thyolani kuyambira pansi, masamba awiri kapena atatu pa mtengo, okhawo ayamba chikasu. Osakhwima amauma obiriwira ndipo amakanda kukhosi. Dikirani mame aume kaye, chifukwa madzi a pa tsamba amalowetsa nikotini, poizoni wa mu fodya, pakhungu, munthu nkuyamba chizungulire ndi kusanza. Ana asagwire ntchito imeneyi.

Sokani masamba ndi kuwapachika pa mikangala mumthunzi, kusiya mpata wa chikhatho kuti mphepo izidutsa. Dzuwa limaumitsa msanga, tsamba lisanafiire. Zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo chizindikiro chake ndi mtsempha wapakati: ukathyoka mukaupinda, fodya wauma. Kuno ku Dedza ndi kumapiri a Ntcheu mdani wamkulu ndi chinyezi cha nkhungu ndi mvula yowaza. Zikatero, talikitsani mikangala, tchingani mbali yolowera mphepo usiku ndi kutsegula masana. Tsamba logwidwa chuku litayeni. Kulipukuta sikuchotsa fungo.

Tsitsani fodya m'mamawa masamba ali ofewa. Chotsani mitsempha, potani ngati chingwe, abwino akhale kunja, kenaka zungulizani ngati nkhata. Sanjikizani nkhatazo pa mphasa, fundikani ndi chiguduli, ndipo muzizitembenuza pakapita masiku atatu, zapansi zibwere pamwamba, kwa masabata atatu kapena anayi. Apa ndi pamene fodya amada ndi kupeza fungo lake. Pisani dzanja pakati pa mulu: kufunda pang'ono nkwabwino, koma kukatentha phwasulani msanga, ayamba kuwola.

Sungani kutali ndi palafini, feteleza ndi usipa, poti fodya amakoka fungo lililonse. Mankhwala osungira chimanga asayandikire ndi pang'ono pomwe.

Pamsika, dulani zidutswa zofanana ndipo musasakanize waukali ndi wofatsa, chifukwa wogula aliyense ali ndi wake. Ena amawaza madzi kuti fodya alemere, koma masiku ochepa chabe wachita chuku, ndipo kasitomala uja sabweranso. Fodya wa pa kontirakiti ndi wa kampani yomwe munagwirizana nayo, musapatuleko wa kumsika.

Musauze munthu kuti chingambwe sichipweteka poti ndi chakumunda. Utsi wake umawononga mapapo ndi mtima monga ndudu za m'sitolo. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, loletsa kufala kwa kusuta mu 2023, ndipo panganoli silifuna kuti ana azigulitsidwa fodya. Mwana akabwera nkunena kuti amutuma agogo, mubwezeni, agogowo abwere okha.