Mmene mungayambire kusewera The Expanse patebulo ndi anzanu

Ngati munawerengapo mabuku a The Expanse, nkhani yopeka ya anthu okhala ndi kuyenda mumlengalenga, kapena kuonera series yake, dziwani kuti ilipo gemu yake yosewera patebulo, anthu anayi kapena asanu mwakhala pansi ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi basi. Anatulutsa ndi a Green Ronin mu 2019, ndipo imakoma chifukwa nkhaniyi inayamba ngati gemu kale, Ty Franck asanagwirizane ndi Daniel Abraham kulemba mabuku 9 aja pa dzina loti James S.A. Corey.

Pezani kaye buku la malamulo, PDF ikukwanira, iliponso Quickstart, kabuku kachidule kaulere koti muyeserepo. Madayisi akufunika atatu a mbali 6, a ludo omwewa ali bho, koma limodzi likhale la mtundu wosiyana ndi anzake, limenelo ndiye Drama Die.

Mmodzi mwa inu akhale GM, woyendetsa nkhani, enanu aliyense apange munthu wake. Apa ndiye mtima wanga uli, chonde musatenge Holden kapena Naomi Nagata, anthu otchuka a m'mabukumo, kuti muzisewera ngati iwo, nkhani yawo inalembedwa kale ndipo amene anawerenga azingokuuzani kuti "m'buku sizinatero". Pangani gulu lanu, kachombo kanu kakale kokhala ndi ngongole, wina wochokera ku Earth, wina msilikali wopuma wa ku Mars, wina Belter (munthu wa ku miyala yoyandama pakati pa Mars ndi Jupiter) wobadwira pa Ceres, umodzi mwa miyalayo, amene anakula akudziwa kuti madzi ndi mpweya ndi zogula, ndiye akaona mnzake akutaya madzi mtima umamuwawa. Mkangano wa anthu atatu amenewa ukwanira kuyendetsa gemu usiku onse GM osavutika.

Kaseweredwe nkosavuta. Mukafuna kuchita chinthu chomwe chingakanike, mwachitsanzo kutsegula airlock (chitseko chotsekera mpweya m'chombo) yomwe yajama alonda akubwera, mumaponya madayisi atatu aja, kuphatikiza, nkuonjezera nambala ya ability yanu (luso la munthu wanu, monga mphamvu kapena nzeru), ndi 2 ngati muli ndi focus yake (ukatswiri wapadera pa chinthucho). Zinthu zovuta mwapakatikati zimafuna kuti zonse pamodzi zifike 11. Mukakwanitsa ndipo madayisi awiri afanana, mumalandira ma stunt points olingana ndi nambala ili pa Drama Die, tinene mwaponya 4, 4 ndi 5 pa dayisi losiyana lija, muli ndi mapointi 5 ogulira zina zapamwamba monga kumulanda mfuti mdani, koma muwagwiritse ntchito pompo, sasungidwa.

Palinso Fortune, mapointi amene amakutetezani mukamenyedwa komanso mutha kuwadula kuti musinthe dayisi lomwe lagwa moipa. Oyamba kumene amawamwaza msanga kenako nkhondo ikafika alibe pothawira, achenjezeni.

Inu a GM, musafotokozenso za m'buku ngati mukuphunzitsa kalasi. Buku la malamulo limaika nkhani pakati pa Leviathan Wakes ndi Caliban's War, buku loyamba ndi lachiwiri, ngozi ya pa siteshoni ya Eros itachitika kale, ndiye apatseni osewera ntchito yaing'ono, kukatenga katundu ku Tycho Station yemwe mwini wake sakunena kuti muli chani, a OPA, gulu lomenyera ufulu wa ma Belter, nawonso akumufuna. Muzilembanso Churn, nambala yoonetsa kuyandikira kwa mavuto, pakapepala poonekera, imakwera gemu ikamayenda ndipo ikafika pa 10, 20 kapena 30 zinthu zitha kusokonekera, injini kuzima kapena mnzawo kuwagulitsa. Tsiku loyamba maola atatu akwana, ndipo funsani kaye amene sanamalize mabuku kuti afika pati musanatchule za protomolecule, chinsinsi chachikulu cha m'mabukumo.