Kulemba chikonzekero cha phunziro: malangizo kwa aphunzitsi ophunzira ntchito

Aphunzitsi anzanga, musanagwire cholembera tsegulani silabasi, ija amakonza a Malawi Institute of Education ku Domasi kuno ku Zomba. Silabasi ndiyo imakuuzani zoti ana adziwe. Kuchokera mmenemo mumalemba sikimu ya teremu yonse, sabata ndi sabata, ndipo chikonzekero cha tsiku chimatuluka mu sikimuyo.

Ine pomwe ndimachedwa ndi pa zizindikiro za kakhonzedwe, zomwe ndi zinthu zooneka zimene ana achite posonyeza kuti akhoza phunzirolo. Musalembe kuti "ana amvetsa kuwonkhetsa", poti kumvetsa sikuoneka ndi maso. Lembani kuti "ana awonkhetsa nambala ziwiri zosapitirira 20 pogwiritsa ntchito timiyala". Pamenepo mudzaona nokha amene wakhoza ndi amene watsalira. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu zakwana; mphindi 35 sizichedwa kutha, makamaka m'kalasi lodzaza.

Zipangizo zilembedwe, ndipo muzitole dzulo lake: zitsekerero za mabotolo, zitsononkho, makatoni akale a mumsika wa Zomba.

Chiyambi chikhale chachifupi, chokumbutsa zadzulo. Pa sitepe iliyonse lembani zochita ana, osati zanu zokha.

Ana akaweruka, lembani pansi pa chikonzekerocho zomwe zawavuta, kuti phunziro lamawa liyambire pomwepo.