Mmene mungajambulire nyumba za kumayadi ngati art, osati ngati mukutsatsa lendi

Ngati muli ndi foni ya kamera yabwinoko ndipo mukufuna kupanga kantchito ka art kokhudza nyumba zija zimandandalikana mumsewu umodzi zonse mapulani amodzi, choyamba iwalani zosaka nyumba yokongola. Akatswiri amene anatchuka ndi zimenezi ankasaka kufanana basi. Dan Graham ankazungulira m'mayadi a ku New Jersey, ku America, ndi kakamera kotchipa, kujambula makomo, masitepe ndi madenga ofanana, ndipo kumapeto kwa 1966 ntchito yake ya Homes for America inatuluka mu Arts Magazine ikuoneka ngati nkhani wamba ya mumagazini. Nthawi imeneyo America inali itadzaza ndi mayadi otere, Levittown yokha ya ku Long Island imene anayamba kumanga mu 1947 inafika nyumba zoposa 17,000.

Ndiye sankhani msewu umodzi kapena mtundu umodzi wa nyumba, musamwazike. Kwathu kuno malo abwino kuyambira ndi nyumba za Malawi Housing Corporation, monga za ku Area 18 ku Lilongwe kapena ku Nkolokosa ku Blantyre, chifukwa zinamangidwa mofanana koma lero wina anaika mpanda wa njerwa ndi waya wamagetsi pamwamba, wina anawonjezera boyizikota kuseri, wina thanki ya madzi ndi dishi padenga, wina anangotsegula kagolosale pageti pomwepo. Nkhani yanu ili pa kusiyana kumeneko, koma kuti kuoneke, inuyo wojambula musasinthe kanthu.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Nyumba iliyonse muijambule kuchokera kutsogolo chindunji, mutalikirane nayo mofanana, werengani masitepe kuchokera pageti ngati mulibe tepi, ndipo foni ikhale pamsinkhu womwewo, tinene pachifuwa. Yatsani mizere ya grid ija mukamera kuti makoma ayime njo. Lenzi ya 0.5 ija isiyeni, imapinda makoma nyumba nkumaoneka ngati ikugwa chagada, bola mubwerere m'mbuyo ndithu nkugwiritsa 2x. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany, amene anajambula mathanki a madzi ndi nyumba za antchito a m'mafakitale kwa zaka zambirimbiri, ankadikira tsiku la mitambo kuti pasakhale mithunzi yolimba. Dzuwa la masana la mu Okutobala limadula nyumba pakati, khonde lonse bii. Anzathu a ku Blantyre mwayi wanu ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, kwinaku pitani m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Musanatulutse foni, gogodani. Kumayadi munthu wongoima kujambula geti la eni amamuona ngati kazitape wa akuba, ndipo mlonda sangamve za art zanuzo. Odi kaye, fotokozani kwa mayi kapena bambo a panyumbapo, aonetseni zithunzi za nyumba zina zimene mwajambula kale, akakana pitirirani. Nambala ya galimoto, nambala ya nyumba ndi nkhope za ana zisaoneke. Anthu akulu akavomera kulowa m'chithunzi ndi bwinonso, David Goldblatt anachita zotere ku Boksburg pafupi ndi Johannesburg mu 1979 ndi 1980, kujambula moyo wa tsiku ndi tsiku wa azungu a m'yadi ya nthawi ya tsankho, ndipo popanda kukuwa zithunzizo zinaonetsa amene ankakhala mkati mwa mpanda ndi amene ankangobwera kudzagwira ntchito.

Mukasonkhanitsa, musaponye chimodzichimodzi pa Facebook, chithunzi chimodzi chokha ndi nyumba chabe. Tsukitsani pa saizi imodzi, muyale pansi 9 kapena 12 m'mizere yofanana ngati mmene a Becher ankachitira, kenako musunthesunthe mpaka diso liyambe kudumpha lokha kuchoka pageti ili kupita pageti ilo. Fyuluta ayi, ndipo ngati mwasankha zakuda ndi zoyera zikhale choncho zonse. Pansi pake lembani zochepa zoona, dera, mwezi, chimene mwininyumba anawonjezera. Graham uja anaikamo mpaka mayina a mapulani a nyumba ndi mndandanda wa mitundu ya penti imene ogula ankasankha, zowuma choncho koma zimaluma.

Amene mumakonda penti kuposa kamera, zithunzi zomwezo zikhale poyambira. Howard Arkley wa ku Melbourne ankapenta nyumba za m'mayadi ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, mitundu yowala kwambiri yoti nyumba yeniyeni singakhale nayo, ndipo anaimira Australia ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha art cha ku Italy, mu 1999. Palinso Gordon Matta-Clark amene mu 1974 anacheka nyumba yonse pakati ku Englewood, New Jersey, koma iyo inali yoti igwetsedwa kale, inu musayesere panyumba ya lendi.

Mafayilo apatseni mayina okhala ndi tsiku ndi msewu, musunge kopi ina kunja kwa foni, ndipo mulembe penapake masitepe aja munawerenga kuti chaka chamawa mukathe kuimanso pamalo omwewo.