Asanagwire Biuret, ayambe azolowera micropipette

Anzathu ophunzitsa biochemistry kuno ku Zomba, ophunzira atsopano musawathamangitsire ku Biuret (mankhwala oyezera puloteni, amene amasintha mtundu akakumana nayo) dzanja lisanazolowere micropipette, kachipangizo kokokera timadzi tochepa kwambiri. Ayambe ndi madzi a distilled ndi sikelo basi.

Aliyense akoke ma microlitre 1000, athire pa sikelo, abwereze kakhumi. Ulendo uliwonse sikelo iziwerenga pafupifupi galamu 1. Ikamapitirira, wophunzirayo akudina batani mpaka pansi asanakoke, pomwe amayenera kuima pamene batani layamba kulimba. Pansipo n'potulutsira kadontho kotsalira. Ikamaperewera, yang'anani thovu mu tip, kapulasitiki ka kumapeto kwa micropipette: wasiya batani mofulumira, kapena tip sinalowe bwino m'madzi. Ambiri amanamizira mankhwala pomwe vuto lili pa chala chachikulu.

Akatero apange BSA (puloteni yotchedwa bovine serum albumin) ya 0, 2, 4, 6, 8 ndi 10 mg/mL. Pa 1 mL iliyonse athire 4 mL ya Biuret, adikire mphindi 30, awerenge pa 540 nm ndi spectrophotometer, makina oyezera mtundu. Musasungunulire puloteni mu Tris kapena ammonium sulfate, zimasokoneza mtunduwo.

Magetsi akathima n'kuyakanso, spectrophotometer itenthe kaye mphindi 15, kenako muyikenso blank (ya 0 mg/mL ija, yopanda puloteni) musanapitirize.