Momwe mungalembere nkhani yopeka ya wapolisi wofufuza imfa mkati mwa nkhondo

Nkhondo ikabuka, mitengo ya zinthu imakwera koma moyo wa munthu umatchipa. Apa mpomwe pagona kukoma kwa nkhani ya wapolisi wofufuza milandu yakupha: anthu zikwizikwi akufera kunkhondo, iye wakakamira mtembo umodzi wotoledwa m'ngalande. Pa chitsanzo ndatenga Johannesburg wa 1941 ndi 1942, chifukwa kumeneko mdani sanachite kuwoloka nyanja, anali wam'nyumba momwemo. Komanso agogo athu ambiri, machona aja, anali komweko ku Joni.

Choyamba, khomani chikhomo pa mzinda umodzi ndi miyezi yochepa. Musafune kumeza nkhondo yonse ya 1939 mpaka 1945. Dziwani chabe chimene chinang'amba mzinda wanuwo pakati. Pa 4 September 1939 nyumba ya malamulo ya South Africa inavota, mavoti 80 kwa 67, kukana zoima pambali pa nkhondoyo. Hertzog, nduna yaikulu imene inkafuna kuti dzikolo liime pambali, anatula pansi udindo, Jan Smuts n'kutenga boma. Kusiyana kwa mavoti 13 okha kumeneko kukukuuzani kuti azungu a dzikolo anali atagawanika mpaka m'mabanja ndi m'matchalitchi.

Chachiwiri, lidziweni gulu lachiwembulo ngati mmene mumadziwira achibale anu. Pano musathamange, chifukwa olemba ambiri amagwera pomwepa: amajambula zilombo za nyanga m'malo mwa anthu. Gulu la Ossewabrandwag linayamba mu 1939 ku Bloemfontein ngati la chikhalidwe cha Maburu, potsatira chikondwerero cha mu 1938 chokumbukira ulendo wa makolo awo wa pangolo. Ambiri analowa chifukwa cha chilonda chakale: amayi ndi ana oposa 26,000 anafera m'misasa ya Angerezi pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Kwa mwana wa mayi wotere, kumenyera nkhondo mfumu ya ku London kunali kulavulira manda. Kenako gululo linakondera Germany wa Hitler, ndipo nthambi yake ya a Stormjaers inayamba kuphulitsa mizati ya magetsi ndi kudula mawaya a telefoni.

Mbiri yeniyeni pano ikuposa zopeka. Robey Leibbrandt, wankhonya wa ku South Africa wotsatira Hitler, amene anapikisana nawo pa Olympics ya ku Berlin mu 1936, anatsitsidwa mwachinsinsi ndi bwato la Majeremani pagombe la Namaqualand mu June 1941. Anagwidwa mu December chaka chomwecho, mu 1943 anagamulidwa kuti anyongedwe pa mlandu woukira boma, Smuts n'kusintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse, ndipo mu 1948 boma latsopano linamutulutsa. John Vorster, amene anatsekeredwa ku Koffiefontein mu 1942 chifukwa cha gululi, anadzakhala nduna yaikulu mu 1966. Wowerenga akadziwa izi, amawerenga buku lanu mtima uli m'mwamba, poti akudziwa kuti amene wapolisi wanu akuwasaka lero ndiwo adzakhale mabwana ake mawa.

Choncho wachiwembu wanu akhale munthu wopemphera asanadye, wokonda ana ake, wobweza ngongole. Muonetseni chimene amaopa, ndi amene anamunong'oneza koyamba. Koma musamutsuke: amene wamupha nayenso anali ndi ana.

Chachitatu, bisani mtembo m'phokoso la nkhondo. Phunzirani kwa Harry Dobkin wa ku London. Mkazi wake, Rachel, anasowa mu April 1941. Mu July 1942 anthu ochotsa zigumukire anapeza mafupa m'tchalitchi cha Baptist chimene chinagwetsedwa ndi bomba, ndipo zinali zosavuta kungoti nayenso anafa ndi bomba. Dokotala woyeza mitembo, Keith Simpson, anapeza kafupa kapakhosi kothyoka, kusonyeza kuti anachita kukanyangidwa. Laimu amene wakuphayo anathira kuti mtembo uwonongeke ndiye anausunga, ndipo dokotala wa mano anazindikira mano a mayiyo. Dobkin ananyongedwa mu January 1943. Pa nkhondoyi Johannesburg sinaphulitsidwe ndi ndege, ndiye musabwereke mabomba a ku London. Inu muli ndi zanu: ngozi za mumgodi, mitumbira ya mchenga wa m'migodi, zophulitsira miyala zobedwa m'sitolo, mzati wa magetsi wogwa usiku.

Chachinayi, wapolisi wanu asakhulupirire mnzake wa pa desiki. Asilikali ndi apolisi amene analumbira kukamenya nkhondo kulikonse mu Africa ankavala kansalu kofiira paphewa. Munthu ukangolowa pa polisi ya Marshall Square, mapewa okha ankakuuza amene ali mbali ya Smuts ndi amene sali. Mu 1942 apolisi ambiri anamangidwa powaganizira kuti ndi a Stormjaers. Tsono fayilo ikasowa, mboni ikaopsezedwa isanafike n'kukhoti komwe, wowerenga asadziwe msanga kuti watulutsa chinsinsi ndani.

Pano mpamene wolemba wachimalawi ali ndi mwayi umene ena alibe. Amuna a ku Nyasaland sankangolowa m'migodi kudzera ku Wenela, ambiri ankaphika ndi kusamala nyumba za azungu. Khukhi amene akuthira tiyi pamsonkhano wachinsinsi saoneka, poti onse am'chipindamo amamuyesa mpando. Wamva zonse. Koma chitupa chake chikakhala chosalongosoka, kupita ku polisi n'kudzipereka yekha. Kodi wapolisi wachizungu amukhulupirira? Nanga khoti? Ine ndikanamanga buku lonse pa munthu ameneyu, wapolisiyo n'kumangotsatira pambuyo.

Chachisanu, m'landeni wapolisiyo zida za lero. Palibe DNA, palibe foni ya m'manja, palibe kamera pamsewu. Ali ndi zidindo za zala, telegalamu, sitima ya pamtunda, kabuku ndi pensulo, ndi miyendo yake.

Chachisanu n'chimodzi, fufuzani, kenako bisani zambiri mwa zimene mwapeza. Nyuzipepala zakale ngati Rand Daily Mail ndi The Star zikupatsani mitengo ya zinthu, zotsatsa malonda ndi nkhani za m'makhoti. Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a nthawi ya atsamunda. Kumudzi, funsani azakhali za sutikesi ya agogo: kalata, chithunzi, chitupa chakale, mawu a Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, amene ankatukwanira akakwiya. Mwa zinthu khumi zimene mwatola, lowetsani ziwiri. Wowerenga sanabwere kudzalemba mayeso a mbiri yakale.

Chomaliza, ikani malire pakati pa zoona ndi zopeka. Smuts, Leibbrandt ndi Vorster adutse chapatali, m'nyuzipepala, pa wailesi kapena m'miseche ya m'bala. Musawasenzetse mlandu wakupha umene mwaupeka nokha, ndipo musawaike m'kamwa mawu amene sanayankhule. Wakupha, wophedwa, wapolisi ndi khukhi uja akhale anu, ndi maina opeka. Mukamaliza kulemba koyamba, tengani kalendala ya 1942 muyang'ane tsiku lililonse limene mwatchula, ngati Lachisanu lanu linalidi Lachisanu.